A Semba, Mlonda wa Nyamikuyu

Mapira apsanso m'minda, ndiye kuti chaka chatha chiwaikireni m'manda atsibweni anga, a Semba. Lamulungu lapitali tinasonkhana pakhomo pawo kuti tiwakumbukire ndi mapemphero. Tinali owerengeka. Akazi awo, a Malita, anayala mphasa zambiri poganiza kuti mudzi wonse ubwera, koma zina zinapindidwa madzulo popanda wokhalapo. Sindikuwadzudzula amene sanabwerewo. Pamudzi pano aliyense ali ndi chifukwa chake chozembera dzina la a Semba.

Ine ndine Esitere, mwana wa mlongo wawo, ndipo ndinali mmodzi mwa anthu amene ankalonda nawo nkhalango ya Nyamikuyu.

A Semba anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wa mawu aakulu oti akaitana munthu kudooko ngakhale asodzi a pakati pa Shire ankacheuka. Ntchito yawo inali yosema mabwato. Asodzi a ku Chiromo ndi a m'madambo ankalizindikira bwato la a Semba likadali patali, chifukwa linkakhala pamadzi mosapendekeka ngakhale litadzaza mlamba. Koma mmisiri ameneyu anali wovuta. Sankasema mtengo umene wagwetsedwa ndi nkhwangwa, ankangosema wogwa ndi mphepo kapena wokokoloka ndi madzi. Munthu akabwera kudzapempha bwato ankamuuza kuti apite akadikire mphepo. Ambiri ankachoka akutukwana, n'kupita kwa amisiri ena, ndipo pakhomo pa a Semba sipanakhalepo chuma.

Nyamikuyu ndi khwawa lochokera kumapiri a kumadzulo, lotsikira mu Shire kumunsi kwa mudzi wathu. Makwawa ena onse a kuno kuchigwa amasanduka mchenga dzuwa likakula, koma la Nyamikuyu silinkaphwa. M'mbali mwake munali mikuyu, mibawa, misikidzi, mitondo ndi mitengo ya bwemba, nthambi zake zokumana pamwamba. Pakati pa nkhalangoyo panali kasupe, ndipo njira yochoka kumudzi kupita kudooko inkatsata khwawalo mpaka kumathero.

M'mawa uliwonse, asanalawe kanthu, a Semba ankayenda njira imeneyo, sompho yawo yosemera ili paphewa. Akapeza nthambi yagwera m'njira ankaichotsa, akapeza khungwa lasendedwa ankaima n'kuyang'ana mapazi pansi mpaka adziwe mwini wake. Akafika pakasupe ankagwada, n'kutunga madzi ndi manja, n'kuyamba achukucha m'kamwa asanamwe. Ankati iwo amatha kudziwa ndi lilime ngati wina wachapira kumtunda. Nthawi zina ankalasa, nthawi zina ankaphonya. Tsiku lina anakalipira Nachisale pamaso pa anthu kuti waviika mapira a mowa m'khwawa. Nachisale anali mayi wamtali, wosaopa munthu, amene ankalonda nkhalango molimbika kuposa amuna ambiri. Analumbira kuti sanachite zimenezo, koma a Semba sanamumvere. Madzulo ake anyamata anapeza nyani wakufa ali m'madzi kumtunda. A Semba sanapepese. Mawu opepesa sindinawamvepo pakamwa pawo moyo wanga wonse. Anangopita m'mawa mwake kukasiya mlamba waukulu pakhomo pa Nachisale, n'kubwerera osagogoda.

Kulondako kunayamba nthawi imene sitima zapamadzi zinkakwera Shire mpaka ku Chiromo. Sitima zimenezo zinkadya nkhuni usana wonse, ndipo pamadooko pankakhala milu ya nkhuni yotalika kuposa munthu. Tinkaona ndi maso athu magombe a Shire akuyera chaka ndi chaka. A Semba sanali mfumu, sanali nduna, analibe udindo uliwonse. Atapita kwa a nyakwawa kukapempha kuti nkhalango itetezedwe, a nyakwawawo anangoti, "Chitani zimene mungathe, koma musandiputire mlandu ndi Azungu." Choncho a Semba anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufuna owathandiza. Amene anavomera anali asodzi angapo, amayi otunga madzi, ndi Asena ena ongofika kumene kuthawa nkhanza za kutsidya kwa malire, amene anali ataona kale kwawo mmene mtsinje umakhalira mitengo ikatha. Panalibe malipiro. Anthu ena ankatiseka, kutitcha asilikali a mikuyu, ndipo dzinalo tinalilandira.

Malamulo a Semba anali ochepa. Nkhuni zouma tolani mmene mungafunire. Khungwa la mankhwala sendani mbali imodzi yokha. Uchi fulani koma mtengo usagwe. Nkhwangwa isalowe. Ntchito yaikulu inkabwera tikatha kukolola, pamene tinkapalira udzu kuzungulira nkhalango yonse kuti moto wa osaka mbewa usalowe. Inali ntchito yowawa, ya dzuwa la pamutu, ndipo iwo sankayamika munthu. Ukapalira bwino ankangodutsa osanena kanthu, ukasiya chiputu ankakubweza. Tinkalambulanso njira, kuyala miyala powolokera, ndi kusinthana kukhala polowera m'nkhalango tikamva sitima ikulira kumunsi.

Odula nkhuni za sitima anabweradi kangapo. Ife tinkangokhala pansi pa mitengo, amayi ali ndi ana kumsana, a Semba ataima patsogolo akukuwa. Odulawo ankatukwana, kenaka ankapita. Masiku amenewo tinkayesa kuti tawagonjetsa. Ndinazindikira pambuyo pake kuti ankapita chifukwa mitengo inali ikadalipo kwina, kopanda amayi okhala pansi.

A Semba ankakonda kunena kuti anthu amalakwitsa akamati iwo amalonda mitengo. Ankati chimene amalonda ndi madzi, mitengoyo ndi chivundikiro chake chabe. Ankanenanso, makamaka akakwiya, kuti wodula mtengo amatopa tsiku limodzi koma ludzu lake limakagwira mdzukulu. Mawu amenewa tinawamva kambirimbiri mpaka ana ankawayeseza posewera, akukhwinyata nkhope ngati iwo.

A Malita ndi Msena wa ku Zambezi, ndipo mpaka lero amasakaniza zilankhulo akapsa mtima. Ukwati wawo unali wa mapokoso. Ankati amuna awo amadziwa mtengo uliwonse umene wagwidwa chiswe m'nkhalango koma sadziwa kuti denga la nyumba yawo likudontha.

"Nkhabe, baba!" ankakana motero, akukuwa ali pakhonde. "Ine ndinakwatiwa na munthu, si na muti! Pitani mukagone komweko, mikuyu ikakuphikireni!"

A Semba ankayankha kuti mikuyu silongolola, n'kunyamula sompho yawo. Koma tsiku lopalira udzu a Malita ankafika ndi khasu lawo anthu ena asanafike.

Mkangano umene unatenga nthawi yaitali unali wa iwo ndi aphunzitsi amene a mishoni anatitumizira. A Semba anali atabatizidwa kale, ndipo sankajomba kumapemphero. Aphunzitsiwo atafuna kumanga tchalitchi anapempha mibawa iwiri ya mitanda ya denga. A Semba anakana. Anawauza kuti akapereka wa nyumba ya Mulungu, mawa wina adzapempha wa nyumba ya mfumu, mkuja wa nkhokwe. Lamulungu lotsatira aphunzitsi analalikira kuti alipo ena obatizidwa amene akuopabe mizimu ya m'mitengo. A Semba anaimirira pakati pa ulaliki.

"Aphunzitsi, tchulani dzina. Mukunena ine. Ine sindiopa mzimu, ndiopa ludzu. Inu mwabwera dzulo, simunalione."

Anatuluka, ndipo kwa zaka ankapemphera atakhala panja, pafupi ndi zenera. Tchalitchicho chinamangidwa ndi timitengo tam'tchire ndi bango. Chiswe chinadya, ndipo dzinja lina denga linagwa n'kuthyola mwendo wa mayi wina wokalamba, amene sanayendenso bwino mpaka imfa yake. Anthu anati ndi kuuma mtima kwa a Semba, ndipo sindinganene kuti ananama. Iwo anathandiza kumanganso, anasenza bango kuposa aliyense, koma m'bawa sanapereke.

Aphunzitsiwo sanali munthu woipa. Nthawi ya chimfine chachikulu chimene chinabwera nkhondo ya Azungu itatha, ankaika maliro ndi manja awo anthu ena akuopa kuyandikira. Ndipo a Semba atamwalira, pamene tinasowa thabwa ngakhale limodzi pamudzi ponse loti tikhomere bokosi, aphunzitsi omwewo ndi amene anazula chitseko cha tchalitchi. Chinali chaching'ono, chosakwana bokosi. Tinangowagonekapo, titawakulunga mumphasa.

Chifukwa chenicheni chimene a Semba ankaikakamirira nkhalangoyo anandiuza kamodzi kokha, tikupuma pamthunzi tsiku lopalira. Anati ali mwana kunabwera nkhondo ya ogwira akapolo pamodzi ndi chilala. Midzi inapsa. Amene anathawira ku Shire ena anagwidwa, ena anafera m'mabango. Amayi awo anawatenga iwo ndi mlongo wawo, amene ndi mayi anga, n'kukabisala pafupi ndi kasupe uja. Anakhala m'menemo mpaka mvula inagwa, akudya nkhuyu ndi nkhanu zosaphika poopa kuti utsi ungawaulule. Atatuluka anapeza pamudzi pali mafupa okhaokha.

"Amayi ako ndi ine tinatsalira apa," anatero akuloza ndi chibwano. Kenaka anandiuza kuti ndadya nthawi, ndinyamule khasu.

Nkhondo ya Azungu inatichepetsa. Amuna ambiri anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo mwana mmodzi yekhayo wa a Semba, Petulo, sanabwerere. Palibe amene anadzatiuza kumene anagwera. Chimfine chija chinatenganso ena. Pofika chaka cha njala, asilikali a mikuyu tinali titatsala ochepa, ambiri amayi.

Chaka chimenecho mvula inagwa kamodzi, mapira anamera, kenaka kumwamba kunayera mbee. Mbewu zinapserera zisanafike m'mawondo. Shire anaphwa mpaka ana ankawoloka malo ena ndi miyendo, ndipo nsomba zinasowa. Tinayamba kudya nyika, timizu tija timakumba pansi pa madzi m'madambo, koma midzi yonse inali komweko ndipo nayo inatha. Tinadya gaga, tinadya nkhuyu zosapsa. Madzi okha ndi amene sanatisowe, chifukwa Nyamikuyu ankayendabe, ndipo anthu a midzi ina ankabwera ndi mitsuko kudzatunga.

Nthawi imeneyo sitima zapamadzi zinali zitachepa, koma sitima ya panjanji nayo inkayendera nkhuni, ndipo mitengo ya m'mbali mwa njanji inali itatha. Ndiye kunabwera Jowaki, kapitawo wa wamalonda wina wogulitsa nkhuni za sitima. Anafika ndi matumba a chimanga n'kuwaunjika pabwalo pamene aliyense angawaone. Jowaki anali mwana wa mudzi woyandikana nafe, tinkamudziwa. Sanaopseze munthu. Anangoti aliyense wobweretsa mulu wa nkhuni zaziwisi alandira dengu la chimanga.

Tinakumana polowera m'nkhalango, mudzi wonse. A Semba analankhula nthawi yaitali, mawu awo akadali aakulu ngakhale thupi linali litatha. Anati njala anaionapo, imabwera ndipo imapita, koma khwawa likapita silibwerera. Anati tipirire mpaka mvula. Anthu anabalalika maso ali pansi. Ndipo chodabwitsa n'chakuti anawamvera. Matumba aja anakhala pabwalo, Jowaki atakhala pambali pake, anthu akudutsa ndi mimba zopanda kanthu. Kaya unali ulemu, kaya anali mantha, kaya aliyense ankadikira kuti ayambe ndi mnzake, sindidziwa.

M'masabata amenewo tinaika ana. Mmodzi wa iwo anali Tinenenji, mwana wamkazi wa Nachisale, amene anali atangoyamba kusenza kamtsuko.

Tsiku lotsatira maliro, dzuwa lili pamutu, ndinali pakhomo pa atsibweni kuthandiza a Malita kusinja makoko a bwemba. Tinaona Nachisale akubwera, mutu wometa, nkhwangwa ya malemu amuna ake ili m'manja. Sanapereke moni. Anaiika pansi patsogolo pa a Semba n'kukhala.

"A Semba, ndabwera kudzakuuzani pamaso kuti musamve kwa anthu. Mawa ndikulowa nayo iyi m'nkhalango."

"Iwenso, Nachisale?"

"Inenso. Ndatsala ndi awiri, ndipo wamng'onoyo mapazi ayamba kutupa." Anatambasula mkono kuonetsa chipsera. "Ichi ndi cha moto umene ndinazima nanu chaka chija. Sindinadandaule. Munkati tikusungira ana madzi. Ana ake ati? Tinenenji wamwa madzi anuwo mpaka tsiku lomaliza. Wapita mimba ili madzi okhaokha."

A Semba anayang'ana kwa akazi awo. A Malita, amene sankasowa chonena, anangopitiriza kusinja. Nawonso mapazi anali atatupa, ndipo ndikhulupirira kuti a Semba anawaona tsiku limenelo koyamba. Nachisale anatola nkhwangwa yake n'kumapita.

M'mawa mwake mudzi wonse unali polowera m'nkhalango, amuna ndi akazi, aliyense ndi nkhwangwa kapena chikwanje. Koma palibe analowa, chifukwa a Semba anali ataima pakati pa njira. Paphewa pawo panalibe sompho. Panali nkhwangwa. Ena anabwerera m'mbuyo poyesa kuti akufuna kutema munthu.

"Jowaki ali kuti?" anafunsa.

Jowaki anabwera patsogolo, chipewa chili m'manja. "Ndili pano, bambo."

"Mikuyu yozungulira kasupe usaikhudze. Nkhuni zake n'zachabe, ukudziwa."

"Ndamva, bambo. Siikhudzidwa."

Kenaka a Semba anatembenukira kwa ife. "Woyamba kudula ndine. Mawa wina asadzaloze Nachisale chala, kapena mwana wake. Mukadzafuna womunena, mudzanene Semba. Nditsateni."

Tinawatsata m'njira muja mwakachetechete ngati tikuperekeza maliro. Anapita pa m'bawa waukulu kuposa yonse, umodzi wa iwiri ija aphunzitsi anapempha, womwe asodzi ankausirira zaka zonse. Anauzungulira, anaona kopendekera, analavulira m'manja, n'kuyamba kutema. Anali munthu wokalamba ndi wanjala. Nkhwangwa inkadumpha pamtengo, iwo n'kumadzandira. Amuna ena anasendera kuti awalandire, koma anawabweza ndi dzanja. Ankatema, n'kupuma atatsamira mtengo womwewo, n'kutemanso. Anthu anakhala pansi kudikira, ana akulira kumsana. Dzuwa linapendeka iwo akutemabe, matuza a m'manja ataphulika, mpini utafiira.

Mtengo utayamba kulira anthu anathawira kumbali. Unagwa n'kuthyola ina ing'onoing'ono, apusi anabalalika akukuwa, ndipo dzuwa linalowa pamalo pamene ine chibadwire ndinali ndisanalionepo likufika pansi. A Semba anakhala pachitsa, manja ali pamawondo.

"Yambani," anatero.

Nkhwangwa zinalira mbali zonse.

Dengu lawo la chimanga a Semba anakana kukatenga. A Malita anakatenga okha, anaphika phala, ndipo a Semba anadya. Ndinawaona akudya ngati tonsefe. Ndiyenera kunena zoona: chimanga chimenecho chitalowa m'nyumba, maliro a ana analeka. Ana awiri a Nachisale ali moyo. Anga ali moyo. Ambiri mwa amene akusewera pabwalo lero ndi a chimanga cha Jowaki.

Tinadula chilimwe chonse. Mbiri itamveka kunabwera anthu a midzi ina, anjala ngati ife, amene sankamudziwa Semba ndi malamulo ake. Mibawa itatha analowa misikidzi, misikidzi itatha mitondo ndi bwemba. Jowaki anasunga mawu ake, mikuyu sanaitumire munthu. Koma anthu ankaidula okha n'kubisa zipika zake pakati pa milu kuti mulu ukule. Ndinathamanga kukawauza atsibweni kuti afika pakasupe. Anali atakhala pakhonde. Anandifunsa kuti akawauza chiyani, poti woyamba anali iwo.

Mvula ya chaka chotsatira inabwera yamphamvu. Kale madzi a Nyamikuyu ankakwera pang'onopang'ono, n'kutsikanso ali oyera. Ulendo uno anatsika kuphiri tsiku limodzi, ofiira, atasenza miyala ndi nthambi zimene tinasiya. Anagumula magombe, anadya njira, n'kukathira mchenga m'madimba onse a kumunsi mmene tinkalima chimanga ndi mbatata za chilimwe. Madzi ataphwa tinakafuna kasupe, osamupeza. Amuna anakumba pamene tinkaganiza kuti ndi pomwepo, anangopeza mchenga wonyowa. Chilimwe chimenecho khwawa linauma koyamba.

Kuyambira pamenepo amayi timakatunga ku Shire. Chaka chomwecho ng'ona inagwira mtsikana wina wapakati ali kuwerama ndi mtsuko padooko.

Apa ndi pamene anthu anayamba kuwanena a Semba, monga anawalolera okha. Amene anaika ana nthawi ya njala ankati a Semba anachedwa, anaumirira mitengo ana akufa matumba ali pabwalo. Amene anataya madimba, ndi abale a mtsikana uja, ankati a Semba ndi amene anatsegula njira, akanaima nji anthu sakanalowa. Nthawi zina munthu mmodzi yemweyo ankanena zonse ziwiri. Sankawanena pamaso. Ankangosiya kudutsa pakhomo pawo. Nachisale sanawanenepo kanthu, koma sankathanso kuwayang'ana, ndipo patapita nthawi anasamukira ku Chiromo kwa abale ake. Atamva za imfa yawo anafika titaika kale. Anakhala ndi a Malita pamphasa tsiku lonse, n'kubwerera.

Zaka zawo zomaliza a Semba anazithera m'mbali mwa khwawa louma. Kusema anasiya, poti panalibenso mtengo woti mphepo igwetse. Ankapita kuphiri kukatola njere za m'bawa, ankadula nthambi za mkuyu kumidzi ina n'kudzazika mumchenga, n'kutchinga ndi minga. Madzi othirira ankasenza okha m'chipanda kuchokera ku Shire. Anayesa kutiitananso asilikali a mikuyu. Tinabwera ochepa, kenaka tinatopa, poti aliyense anali ndi mtunda wake wokatunga madzi a pakhomo. Zimene zinaphuka mbuzi zinadya. Zimene mbuzi zinasiya dzuwa linawotcha, ndipo zotsala madzi a dzinja anakokolola. Chaka chotsatira ankayambanso. Mawu aja anachepa, moti polankhula nawo unkachita kusendera. Ngakhale a Malita analeka kuwakalipira, ndipo anandiuza kuti nyumba yopanda phokoso ikuwaopsa.

Tsiku lina ndinawapeza akuzika nthambi, ndipo ndinawafunsa chimene chinkandivuta.

"Atsibweni, mukanadziwa kuti zidzatere, mukanadula?"

"Ndinkadziwa," anayankha osadzutsa mutu.

"Nanga bwanji munadula?"

Anapitiriza kutsendera mchenga ndi chidendene. "Esitere, ndikanadula msanga, Tinenenji bwenzi ali moyo. Ndikanakana mpaka mapeto, madzi bwenzi alipo. Ine ndinataya mwanayo, ndinatayanso madzi. Ndipatse chipandacho."

Sitinakambenso nkhani imeneyo.

Tsiku lina anapezedwa ndi amayi ochokera kotunga madzi, masana, atagwa chafufumimba pagombe la khwawa. Anali akupumabe. Anawanyamula kupita nawo kunyumba, ndipo anakhala masiku ochepa osalankhula, maso ali kudenga, mpaka anatisiya.

Dzulo ndinadutsa ku Nyamikuyu popita kudooko. Ana a masiku ano amangoti Kuzitsa, ndipo zitsazo nazo zikutha, zina chiswe chadya, zina amayi azikumba kukasonkhera moto. Khwawa latambalala kuposa kale, mchenga woyera wothobwa m'maso, magombe ake ogumuka ngati khoma la nyumba yosiyidwa. Apa ndi apo pali maenje amene anthu anakumba pofuna madzi, ndipo m'menemo mwagwera zitosi za mbuzi ndi mapale a mitsuko yosweka. Pamene panali nkhalango pamera minga yaifupi ndi chitedze. Kulibe mbalame yolira, koma akhungubwe okha ozungulira m'mwamba, ndi kamvuluvulu amene amanyamula fumbi n'kukalitaya kumudzi. Chakum'mawa njanji ikuoneka bwinobwino, poti palibe choitchinga, ndipo sitima ikamadutsa utsi wake umafika mpaka pakhomo pathu. Nkhuni zake akuzitenga kwina tsopano, kutali kumapiri.

Njira yeniyeni kulibe, aliyense amangodulira pamene wafuna. Dzuwa likakwera mchenga umawotcha mapazi, ndipo palibe poti munthu n'kuima kuti atule mtsuko apume. Amayi amadutsapo chothamanga, madzi akutayikira m'mapewa, ana akulira pambuyo.